Mafunso ndi mayankho: R12, C7, U3 ndi mayina ena olembedwa pa bolodi la zamagetsi

Mafunso awa amandipeza kuchokera kwa anthu a magulu awiri. Ena ndi okonza mafoni, ma TV, ma invata ndi zochajira za sola, amene tsiku ndi tsiku amatsegula bolodi lojambulidwa ndi munthu amene sadzamuona n'komwe. Ena ndi ophunzira amene ajambula bolodi lawo loyamba pa kompyuta ndipo akufuna kulitumiza ku fakitale. Onsewa amakumanira pa tizilembo toyera tija tolembedwa pambali pa kachipangizo kalikonse.

Kodi R12 kapena C7 ndi dzina la sipeya yoti ndikagule?

Ayi, ndipo ambiri amasokera pomwepa. R12 ndi dzina la malo. Ili ngati nambala ya puloti: imakuuzani pamene pali nyumba, koma sikuuzani amene akugonamo. Pa bolodi la wailesi yanu R12 ikhoza kukhala resistor ya ma ohm 100, pamene mu invata ya mnzanu R12 ndi ya ma ohm 47,000. Mukapita kusitolo n'kunena kuti mukufuna R12, wogulitsa wodziwa ntchito yake adzakufunsani kuti ya ma ohm angati, chifukwa dzinalo palokha silimuuza kanthu.

Pa Chingerezi dzinali amati reference designator. Lili ndi chilembo, chonena mtundu wa kachipangizo, ndi nambala yokasiyanitsa ndi tinzake ta mtundu womwewo. Ntchito yake ndi kulumikiza mapepala. Bolodi lopangidwa mwadongosolo limayenda ndi schematic, yosonyeza mmene magetsi akuyendera. Assembly drawing, yosonyeza pamene chilichonse chikhale. BOM, umene ndi mndandanda wa zogula. Ndi fayilo ya makina oika tizipangizo. Wogula amawerenga BOM yokha. Wowotcherera amayang'ana chojambula. Wokonza, zaka zisanu zitapita, amatsegula schematic. Atatuwa sadziwana, koma aliyense akati R12 ayenera kuloza malo amodzimodzi. Pepala limodzi likangosemphana ndi anzake, dzinalo latha ntchito, ndipo likhoza kukusocheretsani kuposa kukanakhala kuti palibe cholembedwa.

Zilembozi zimaimira chiyani?

Zina n'zosavuta chifukwa zimachokera ku dzina la Chingerezi la chinthucho. R ndi resistor, C ndi kapasita, D ndi diode, F ndi fyuzi, T ndi thiransifoma, M ndi mota, S kapena SW ndi swichi, BT ndi batire, ndipo TP ndi kamalo koikapo nsonga ya mita poyeza.

Zina muyenera kungozisunga m'mutu. L ndi koilo, chilembo chomwecho chimene amalembera inductance m'masamu. Q ndi transistor. Musaisokoneze ndi T, imene ndi ya thiransifoma. K ndi relay. Y ndi crystal. U ndi IC, kachipangizo ka miyendo yambiri kokhala ndi tizipangizo tambiri m'kati mwake: m'buku la malamulo U imaimira chinthu chomangidwa pamodzi chimene simungachiphwasule osachiwononga, ndipo IC ndi yoterodi. RT ndi thermistor, RV kawirikawiri ndi varistor, ndipo DS ndi nyali kapena choonetsera manambala. Pa mabolodi akale a ku America diode amailemba CR, kuchokera ku dzina lake lakale la crystal rectifier. X ikatsogolera chilembo china imatanthauza chokhaliramo: XF1 ndi chogwirira fyuzi F1, XU3 ndi soketi imene U3 imalowamo.

Pali ziwiri zoti muchenjere nazo. Yoyamba ndi VR. Ena amailemba pa voltage regulator, ena pa resistor yotembenuza, choncho yang'anani chinthucho ndi maso musanakhulupirire chilembo. Yachiwiri ndi FB, ferrite bead. Imaoneka ngati resistor yaing'ono yopanda nambala, ndipo mukaiyeza mita imaonetsa pafupifupi ziro. Ndaonapo ophunzira akuichotsa poganiza kuti yapsa n'kulumikiza njira. Imakhala ili bwinobwino. Ntchito yake ndi kutchinga phokoso la ma frequency okwera, osati magetsi wamba.

Ndani anakhazikitsa zilembo zimenezi? Kodi ndi lamulo?

Ku America kunali muyezo wa IEEE 200 wa 1975, wofotokoza kapangidwe ka mayinawa. Unachotsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa ASME Y14.44 mu 2008. Mndandanda wa zilembo zenizenizo uli mu IEEE 315, nawonso wa 1975, m'gawo 22. Zambiri zimene mumaona pa mabolodi zimachokera kumeneku.

Palinso muyezo wa IEC 81346, umene mudzakumana nawo pa zojambula za mabokosi a magetsi m'mafakitale. Uwu umapereka chilembo motsatira ntchito ya chinthu, osati maonekedwe ake, ndipo umaika chizindikiro patsogolo: = kunena ntchito, + kunena malo, - kunena chipangizo. Pa chojambula chotere -Q1 ikhoza kukhala circuit breaker kapena contactor, osati transistor. Munthu wozolowera mabolodi a wailesi akapatsidwa chojambula cha makina a m'fakitale ayenera kuiwala kaye zimene amadziwa n'kuwerenga kalozera wa chojambulacho.

Palibe amene amakakamiza kampani kutsata miyezo imeneyi pokhapokha wogula atalemba zimenezo m'pangano. N'chifukwa chake mumapeza zosiyanasiyana.

Nanga bwanji bolodi la TV limene ndatsegula lili ndi manambala okhaokha, opanda R kapena C?

Mwina ndi la Philips. Kwa zaka zambiri iwo ankagwiritsa ntchito manambala anayi, ndipo nambala yoyamba ndi imene imanena mtundu: 2 ndi kapasita, 3 ndi resistor, 5 ndi koilo, 6 ndi diode, 7 ndi transistor kapena IC, 9 ndi kawaya kolumphira. Choncho 3505 ndi resistor, 7505 ndi transistor kapena IC. Mukangodziwa chinsinsi chimenechi bolodi lonse limayamba kuwerengeka.

Kuno katundu amatifika kuchokera mbali zonse, watsopano ndi wogwiritsidwapo kale ntchito, motero benchi imodzi imalandira zinenero zingapo pa tsiku. Pa zipangizo za ku Britain transistor imakhala TR, IC imakhala IC, pulagi PL, soketi SK. Pa mabolodi ambiri a ku Asia cholumikizira ndi CN ndipo zener ndi ZD. Zojambula zotsata muyezo wa Soviet Union, GOST 2.710 wa 1981, zimalemba VD pa diode, VT pa transistor, DD pa IC ya digital ndi DA pa IC ya analog. M'malaputopu ambiri mudzaona PR, PC, PQ, PU ndi PL. P yatsogolayo ikunena kuti kachipangizoka kali m'gawo la mphamvu ya magetsi. Laputopu ikakana kuyaka, ine ndimayambira kumene kwachuluka ma P.

Opanga ma TV ndi mawailesi ambiri amagawanso manambala m'mazanamazana: gawo lina la bolodi limatenga za m'ma 100, lina za m'ma 400, lina za m'ma 800. Gawo liti litenga zana liti zimadalira kampani, koma mukaona R803, C805 ndi Q801 dziwani kuti ndi a banja limodzi, ndipo amagwira ntchito limodzi.

J ndi yaikazi, P ndi yaimuna. Si choncho?

Ambiri anaphunzitsidwa choncho, koma muyezo sunena zimenezo. J imapita pa cholumikizira chimene chakhazikika, P pa chimene chimasuntha. Kaya chili ndi timano totuluka kapena timabowo, chikakhala chowotchereredwa pa bolodi ndi J, ndipo chimene chili kunsonga ya waya wobwera kudzalowamo ndi P. N'zothandiza kuti manambala afanane, P4 azilowa mu J4, makamaka pamene zolumikizira zofanana zandandalikana. Wobwezera mawaya atatha kukonza sadzafunika kulosera.

Zonse zalembedwa kale pa bolodi. Assembly drawing ndi yachiyaninso?

Utoto woyera wa pa bolodi, umene amautcha silkscreen, uli ndi malire. Sungalembedwe pamalo owotcherera. Zilembo zikachepa kwambiri zimafufutika. Mafakitale ambiri amalangiza kuti zisachepere pafupifupi milimita imodzi mu msinkhu, ndi mzere wa pafupifupi 0.15 mm. Pamene tizipangizo tathinana, malo olemba dzina lililonse sapezeka. Ndipo kachipangizo kakakhala pamalo pake kamaphimba zimene zili pansi.

Assembly drawing ilibe mavuto amenewa chifukwa ndi pepala. Mukhoza kuikulitsa kanayi, dzina n'kulilemba m'kati mwenimweni mwa chithunzi cha kachipangizo, pamene palibe angatsutse kuti ndi la kameneka kapena kameneko. Pamakhalanso mawu ouza womanga zoti achite: kuti transistor iyi ipakidwe mafuta otulutsa kutentha isanamangidwe, kuti waya uyu adutse mbali iyi, kuti IC iyi iikidwe pulogalamu kaye. Mu KiCad, pulogalamu yojambulira mabolodi pa kompyuta, zinthu zimenezi zili ndi malo osiyana: F.Silkscreen ndi zokasindikizidwa pa bolodi, F.Fab ndi za chojambula cha womanga.

Chimodzi chimene chimapusitsa anthu ndi mbali ya kunsi. Pa kompyuta mumaiona ngati mukuyang'ana kupyola bolodi kuchokera pamwamba, choncho zonse zimaoneka zotembenuka ngati pagalasi. Womanga amalitembenuza bolodilo m'manja, ndiye chojambula chake chiyenera kuonetsa zimene maso ake akuona. Chitembenuzeni musanasindikize, ndipo lembanipo ndi zilembo zazikulu kuti iyi ndi mbali ya kunsi.

Manambala ayenera kuyenda motani? Pa bolodi langa R1 ili kumanzere, R2 ili kutali kumanja.

Zimatero chifukwa pulogalamu imapereka manambala motsatira schematic, pamene pa bolodi tizipangizo mwatiika motsatira kumene njira zikupita. Pa bolodi la tizipangizo makumi awiri palibe vuto. Pa la mazana atatu, kufuna R147 kumatha nthawi ngati kufuna singano mu udzu.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupereka manambala motsatira tsamba la schematic: za pa tsamba loyamba R101, R102, za pa lachiwiri R201, R202. Wokonza akaona R305 amadziwiratu tsamba loti atsegule. Yachiwiri ndi kupereka manambala atsopano mukatha kuyala bolodi, kuyambira pakona ya pamwamba kumanzere n'kumatsika mzere ndi mzere. KiCad ili ndi chida chochitira zimenezi chotchedwa Geographical Reannotate. Mukatero muyenera kubweza mayina atsopanowo ku schematic, n'kutulutsanso BOM ndi mafayilo ena onse. Mukaiwala limodzi mwabweretsa chisokonezo chimene tanena poyamba chija.

Ine ndimakonda njira ya tsamba pa bolodi lokhala ndi zigawo zooneka bwino, chifukwa wokonza amaganiza m'zigawo: apa ndi pochajira, apa ndi pa mawu. Koma yosankha ndi yanu, bola muichite bolodi lisanapangidwe koyamba.

Ndachotsa R7 pa bolodi langa lachiwiri. Kodi ndisinthe manambala kuti pasakhale mpata?

Musasinthe. Mpata suvulaza munthu. Bolodi likangotuluka n'kufika m'manja mwa anthu, mayina ake auma. Ndipo R7 musaipereke kwa resistor ina yatsopano. Yatsopanoyo itenge nambala yotsatira pa yomaliza. Ganizirani munthu amene ali ndi bolodi loyamba m'manja koma pepala lachiwiri pa tebulo. Akawerenga kuti R7 ndi ya ma ohm 10 n'kukaika pamalo a R7 yakale, imene inali ya ma ohm 10,000, chimene chipse ndi chake, koma wolakwa ndi wojambula. Zojambula zosamalidwa bwino zimakhala ndi kabokosi pakona kosonyeza nambala yomaliza ya mtundu uliwonse ndi manambala amene sakugwiranso ntchito.

Kwa wokonza phunziro lake ndi ili: musanakhulupirire schematic imene mwaipeza pa intaneti, fanizani nambala ya bolodi lanu ndi REV yake, chizindikiro chosiyanitsa bolodi loyamba ndi osinthidwa pambuyo pake, ndi zimene zalembedwa pa schematic imeneyo. TV ya dzina limodzi ikhoza kukhala ndi mabolodi osiyana m'kati.

Pa schematic pali U1A ndi U1B, koma pa bolodi ndikupeza U1 imodzi yokha.

Ndi imodzi yomweyo. IC ya LM358 ili ndi ma op-amp (tima ampulifaya tating'ono) awiri m'thupi limodzi la miyendo 8, LM324 ili ndi anayi m'thupi la miyendo 14. Pa schematic amawajambula padera kuti njira zioneke bwino, n'kuwatcha U1A, U1B. Pa BOM ndi pa assembly drawing pamalembedwa U1 kamodzi, chifukwa chogula ndi chimodzi.

Zilembo zikakhala kutsogolo nkhani ndi ina. M'makina okhala ndi mabolodi angapo, bolodi lililonse limapatsidwa dzina la A1, A2, A3. Ndiye A2R5 ndi R5 ya pa bolodi A2, yosiyana ndi A3R5.

Pali malo olembedwa C22 koma palibe kanthu. Kodi kapasita inagwa, kapena fakitale inaiwala?

Yang'anitsitsani mtovu wa pamalopo. Ukakhala wosalala, wozungulira bwino, kapena pamalopo palibe mtovu n'komwe, sipanakhalepo kanthu chipangidwire. Ukakhala wokhadzuka, wosiya chidindo cha mwendo, ndiye chinachake chinathothoka.

Malo opanda kanthu amasiyidwa dala. Bolodi limodzi limagwira ntchito pa mitundu ingapo ya chipangizo, ina yotchipa ina yodula, kapena wojambula anasiya malo oti adzagwiritse ntchito zikadzavuta. Pa mapepala amalemba DNP, ena DNI, DNF kapena NM, ndipo zonsezi zikunena kuti pamenepa musaikepo kanthu. Ngati mukujambula nokha, malo otere asungireni dzina lawo, mulembe DNP pa schematic, pa BOM ndi pa assembly drawing pomwe. Mukangowachotsa pa BOM mwakachetechete, fakitale idzaona malo pa bolodi opanda mnzake pa mndandanda, ntchito n'kuima mpaka mutayankha.

Mzere wa pa kapasita umasonyeza negetivi, eti?

Funso ili ndi limene ndimalifatsira kuposa ena onse, chifukwa kuno kulakwa kumatulutsa utsi. Pa kapasita ya aluminiyamu, ija yooneka ngati kachitini, mzere umasonyezadi negetivi. Pa kapasita ya tantalum, kaja kachikasu kapena kakuda ka makona anayi, mzere umasonyeza pozitivi. Pa diode mzere uli ku mwendo wotchedwa cathode, osati ku unzake wotchedwa anode. Pa ma LED aang'ono opanga amasiyana, ena amaika chizindikiro ku cathode ena ku anode, choncho datasheet yokha, pepala la wopanga lofotokoza kachipangizoko, ndi imene ingakuuzeni zoona.

Chaka china ndinapatsidwa mabolodi khumi kuti ndiwotcherere ndi manja. Chojambula chake chinali choyera, mayina onse ali m'malo, koma pa C9 wojambula anangoika kamzere mbali imodzi osalemba china. Ndinakawerenga ngati negetivi, monga ndinazolowera pa tizitini. Kachipangizo kake kanali ka tantalum. Nditalumikiza bolodi loyamba ku ma volt 12, linakhala chete kwa kanthawi, kenako kunamveka kuphulika, kamoto kanawala, ndipo pamene panali kapasita yachikasu panatsala khala lakuda ndi fungo limene linakhala m'chipindamo mpaka madzulo. Utoto wa dzina la C9 unapsera limodzi. Mabolodi asanu ndi anayi otsalawo ndinawamasula limodzi ndi limodzi n'kuikapo zatsopano, popeza tantalum imene yatenthedwa kawiri sindiikhulupirira.

Kuyambira pamenepo sindivomera kamzere kokha. Pa kapasita palembedwe + pafupi ndi mwendo wa pozitivi. Pa diode ndi LED pajambulidwe chizindikiro chonse cha diode, kapena palembedwe K ku cathode ndi A ku anode. Ndipo chizindikirocho chikhale kunja kwa thupi la kachipangizo, kuti chizionekabe katawotchereredwa, woyendera ntchito athe kutsimikiza.

Mwendo woyamba wa IC ndiudziwa bwanji?

Pa thupi la IC pamakhala kadontho kapena kakhwawa kumutu. Mukaiyang'ana pamwamba, kakhwawa kali kumtunda, mwendo woyamba uli kumanzere pamwamba. Mumawerenga motsika mbali ya kumanzere, n'kuwolokera kumanja n'kumakwera, mosemphana ndi kayendedwe ka mivi ya wotchi. Pa IC ya miyendo 8, mwendo 4 uli pansi kumanzere, 5 pansi kumanja, 8 moyang'anizana ndi 1. Pa bolodi la mabowo, malo a mwendo woyamba nthawi zambiri amakhala a makona anayi pamene ena ndi ozungulira. Mukatembenuza bolodi kuti muyeze kunsi, kumbukirani kuti kumanzere kwasanduka kumanja.

Ma IC a BGA, aja a timipira kunsi amene adzaza m'mafoni, amawerengedwa ngati mapu: mizere yopingasa imatchulidwa ndi zilembo, yotsika ndi manambala, kuyambira pakona ya A1. Zilembo I, O, Q, S, X ndi Z zimadumphidwa kuti zisasokonezeke ndi manambala kapena zizindikiro zina. Mukamawerenga mizere ndi chala, pambuyo pa H pamabwera J.

Pa chojambula palembedwa 4K7 ndi R47. Kodi R47 ndi dzina la malo kapena kukula kwake?

Zonse ziwiri n'zotheka, ndiye onani pamene yalembedwa. Pali kalembedwe ka muyezo wa IEC 60062 kamene chilembo chimalowa m'malo mwa kadontho ka desimali, chifukwa kadontho kamasowa mosavuta pepala likafotokopedwa kapena likada. 4K7 ndi ma ohm 4,700. 2M2 ndi ma ohm 2.2 miliyoni. 4R7 ndi ma ohm 4.7, ndipo R47 ndi ma ohm 0.47. Pa makapasita 4n7 ndi 4.7 nF. Pa schematic dzina ndi kukula zimakhala moyandikana, choncho mukaona R12 pamwamba ndi R47 pansi pake, yoyamba ndi malo, yachiwiri ndi kukula. Ngati ndinu wojambula, lembani 0R47 kuti munthu asakayike.

Manambala osindikizidwa pa thupi la kachipangizo ndi nkhani inanso. Pa resistor yaing'ono, manambala awiri oyamba mumawawerenga mmene alili, ndipo yachitatu imanena maziro oti muwonjezere: 103 ndi 10,000, 472 ndi 4,700. Msampha uli pa 100, imene ndi ma ohm 10, pakuti ya ma ohm 100 imalembedwa 101. Ya manambala anayi imayenda chimodzimodzi: 1002 ndi 10,000. Yolembedwa 0 kapena 000 ndi kamlatho chabe. Ina imalembedwa ngati 01C, kalembedwe ka EIA-96 kofuna tebulo, ndipo imeneyo ndi 10,000. Pa kapasita kuwerenga kumayambira pa pF, motero 104 ndi 100,000 pF, kapena kuti 100 nF.

Ndinaitanitsa ma resistor a 0603, koma abwera ang'onoang'ono ngati mchenga. Chalakwika n'chiyani?

Nambala imodzi, miyezo iwiri. Mu mainchi, 0603 ndi 0.06 ndi 0.03, imene ndi 1.6 mm ndi 0.8 mm, ndipo mu mamilimita imatchedwa 1608. Koma 0603 ya mu mamilimita ndi 0.6 mm ndi 0.3 mm, imene mu mainchi ndi 0201. Mwalandira yachiwiriyo. Pa BOM lembani zonse ziwiri, monga KiCad imachitira pa dzina la R_0603_1608Metric, ndipo koposa zonse lembani nambala ya sipeya ya kampani yopanga. Chimodzimodzi 0805 ndi 2012, 1206 ndi 3216, 0402 ndi 1005.

Nanga masikuluu, ma heatsink ndi zomata? Nazonso zimapatsidwa mayina?

Zimene sizidutsa magetsi nthawi zambiri sizikhala pa schematic. Pa assembly drawing zimalozedwa ndi muvi wochokera pa kabwalo kokhala ndi nambala m'kati, ndipo nambalayo ndi ya mzere wa pa mndandanda wa zogula. Kusiyana kwake ndi uku: R12 ndi malo amodzi okha, pamene nambala ya m'kabwalo ndi ya mtundu wa chinthu. Masikuluu anayi ofanana onse ndi nambala 7, pambali n'kulemba 4X. Ena amawapatsa mayina a H kapena MP kuti alowe pa BOM limodzi ndi zina. Mulimonsemo, asasowe pa mndandanda. Bolodi lopanda kanthu nalo likhale ndi mzere wake.

Pa bolodi la foni palibe cholembedwa chilichonse. Anzanga akati "sintha U2" akutanthauza chiyani?

M'mafoni tizipangizo ndi tating'ono ndipo tathinana moti malo a utoto palibe. Mayina alipo, koma ali m'mafayilo okha. Okonza amagwiritsa ntchito boardview, pulogalamu yoonetsa bolodi pa kompyuta: mukadina kachipangizo imakuuzani dzina lake ndi kumene mwendo uliwonse ukupita. Imeneyo ndi assembly drawing ya masiku ano.

Dzina la U2 linachokera pa iPhone 5, pamene IC yoyang'anira pobayira chaja, yotchedwa Tristar, inali pamalo a U2. Dzinalo linakakamira pakamwa pa okonza. Koma pa iPhone 6 malo ake ndi U1700, pa 6s ndi U4500, pa 7 ndi U4001. Pocheza pa benchi nenani U2, aliyense amva. Pofufuza mu boardview kapena poitanitsa sipeya gwiritsani ntchito dzina la pa bolodi limene lili patsogolo panu ndi nambala yolembedwa pa IC yeniyeniyo.

Kachipangizo kapsa pamodzi ndi dzina lake. Ndiyambire pati?

Jambulani chithunzi ndi foni musanakhudze kanthu. Kenako pukutani mwaye ndi sipiriti pang'onopang'ono, osapala ndi mpeni, chifukwa nthawi zina zilembo zimakhala zikadalipo pansi pa mwayewo, ndipo mukawalitsa tochi chammbali zimaoneka. Zikapanda kuoneka, werengani oyandikana nawo. Ngati kumanzere kuli R31 ndi R32, kumanja R34, mwapeza kuti chosowa ndi R33, ndipo muli ndi chofufuzira pa schematic.

Schematic ikasowa, funani mapasa. Mu invata ma MOSFET, amene ndi mtundu wa transistor, amakhala m'mizere, ndipo iliyonse imakhala ndi resistor yake pa mwendo wa gate, yofanana ndi ya inzake. Mu ampulifaya mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zimafanana, ndipo opanga ambiri amasonyeza zimenezi m'manambala, monga R105 mbali ino ndi R205 mbali inayo. Yezani yamoyoyo, mwendo umodzi mutaunyamula pa bolodi, ndipo mwadziwa yoti muike.

Ndikujambula bolodi langa loyamba. Mayina ndiwaike bwanji?

Pulogalamu imawamwaza paliponse, ndipo kuwakonza ndi ntchito ya ola lathunthu imene ambiri amaidumpha chifukwa mtima uli kale pa kutumiza. Musaidumphe. Dzina lililonse likhale pafupi ndi mwini wake kuposa kachipangizo kena kalikonse. Lisagwere pamalo owotcherera kapena pa kabowo, chifukwa fakitale imadula utoto wa pamenepo ndipo R18 imasanduka R1. Lisalowe pansi pa thupi la kachipangizo. Zilembo ziwerengeke kuchokera mbali ziwiri zokha, ya pafupi ndi inu ndi ina ya kumanja kapena kumanzere, kuti munthu asamazungulitse bolodi ngati chiwongolero. Pamene ma resistor asanu andandalikana mothinana, lembani mayina awo pambali m'ndondomeko yomweyo imene akhalira, ndipo pa assembly drawing lililonse likhale m'kati mwa mwini wake.

Malo akachepa ndithu, sankhani zoti zitsale pa utoto: chizindikiro cha mwendo woyamba, + ndi K, mayina a zolumikizira ndi a ma TP, dzina la bolodi ndi REV yake. Pa cholumikizira onjezerani mawu a ntchito yake, monga BAT+, BAT- ndi PV+, chifukwa wolumikiza chochajira cha sola padenga sakhala ndi schematic m'thumba.

Musanatumize, tsimikizani kuti palibe dzina lotsala ndi chizindikiro cha funso ngati R? ndiponso kuti palibe mayina awiri ofanana. Kenako sindikizani assembly drawing ndi BOM pa pepala, mupatse mnzanu amene sanalionepo bolodilo. Inu muziwerenga dzina pa BOM, iye azililoza ndi pensulo n'kunena mbali imene kachipangizo kayang'ane. Paliponse pamene wazengereza kapena wafunsa, ikani chizindikiro, mubwerere pa kompyuta mukakonze.